Tintchentche Tothamanga pa Dengu la Dailes

Dailes anakweza nsalu ya pa dengu pang'ono, ndipo tinthu ting'onoting'ono totuwira tinabalalika pa mkombero. Sitinauluke. Tinathamanga, n'kuima, n'kuthamanganso, kenaka tinalowa m'mipata ya nsungwi. Anayesa kupsinja kamodzi ndi chala koma kanamuzemba.

"Alamu, mwaimirira chiyani? Amayi akuti mutenge tizidutswa tiwiri tilawe," anatero Tisunge, mlongo wa mwamuna wake, ali pakhomo pa kanyumba kosungiramo zakudya.

Dailes analoza dengu. Tisunge analowa, n'kuwerama. Atawona kamphutsi koyera kakukwawa pa chidutswa chimodzi cha nyama, anagwira pakamwa n'kutuluka chothamanga.

M'dengumo munali nyama ya chinkhoswe cha Tisunge yemweyo. Masabata awiri apitawo, ng'ombe imene bambo Fabiano Ngozo, apongozi aamuna a Dailes, anaisungira mwambowo inagwera m'chigwembe n'kuthyoka mwendo. Panalibe kuchitira mwina koma kuipha tsiku lisanafike. Nyama ina anagawira abale, yambiri anaidula mizere, kuithira mchere, n'kuifutsa pa nsanja masiku atatu. Itauma, mayi Enelesi, apongozi aakazi, anaiika m'dengu lalikulu pamaso pa banja lonse n'kunena kuti, "Nyama iyi ili m'manja mwa mtengwa wathu." Inali ntchito yoyamba yaikulu imene anapatsa Dailes chikwatiwire kumapiri a ku Kandeu kuno miyezi isanu yapitayo. Tsopano linali Lachitatu, ndipo akuchimuna anali kubwera Loweruka.

Mayi Enelesi anafika akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana dengu, anayang'ana Dailes, kenaka maso awo anagwera pa mtsuko umene unali pakona.

"Mumtsukomo muli chiyani, NaMbewe?"

"Nthochi, amayi. Ndavundika."

"Mwavundika nthochi m'nyumba ya nyama."

"Zili patali ndi dengu, amayi."

"Ntchentche ili ndi mapiko, patali siipadziwa." Anavundukula mtsukowo, ndipo kamtambo ka tintchentche kanakwera m'mwamba. "Ndi izitu. Mwaziitana nokha, mwazidyetsa nthochi, zakhuta, ndiye zapita kukasaka ndiwo."

Tisunge anali atayamba kulira pakhomo. "Ndinanena ine, amayi. Anthu akwawo ku Bwanje amadziwa mpunga ndi matemba. Nyama ya ng'ombe amangoiwona pa ukwati wa eni."

"Khala chete iwe," anatero mayi ake, koma sanamudzudzule kwenikweni. Anatembenukira kwa Dailes n'kuyankhula mwaulemu wozizira. "Alendo a ku Manjawira akubwera anthu makumi atatu. Tikawapatsa chiyani, nyemba? Adzati kwa Ngozo khola lilipo la dzina chabe. Ine sindikalipa ayi. Mawa ndituma mawu kwa ankhoswe anu, mukapume kwanu kaye, akakulangizeninso. Chinkhoswe chikatha tidzakambirana."

Dailes anagwada pansi n'kuweramitsa mutu. Mtengwa wobwezedwa kwawo kukalangizidwa amabwerera ndithu, koma dzina limene amabwera nalo silichoka. Mwamuna wake Jasper anali ku Blantyre ndi lole ya mbatatesi, ndipo akanabwera n'kupeza nyumba yotseka.

Komatu panali chinthu chimodzi chimene Dailes ankachidziwa yekha. Tsiku lotsatira atalongedza nyamayo, masana dzuwa lili paliwombo, iye anabwerera kuchokera kudimba kudzatenga khasu laling'ono. Anapeza chitseko cha kanyumbako chili chotsegula, ndipo bambo Fabiano atawerama pa dengu, mkono wonse uli m'kati. Maso awo anakumana. Pamudzipo mtengwa sayankhulana ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo mphasa imodzi, ndipo akakumana panjira amapatukira kutchire. Dailes anagwada n'kuyang'ana kumbali. Mkuluyo anamanganso luzi la pa nsalu mofulumira n'kudutsa akutsokomola chifuwa chimene analibe. Madzulo a tsiku lomwelo uthenga unafika woti mkulu wawo wa bambo Fabiano wagonekedwa kuchipatala cha ku Nzama, ndipo anakwera njinga kukadwazika. Anati abwera mawa lake, koma masiku anali atakwana asanu ndi anayi.

Dailes sankadziwa chimene anatenga kapena kuika m'dengumo. Koma nkhope imene anaiwona tsiku lija sinali ya mbala. Inali ngati ya mnyamata amene wapezeka akulemba kalata. Kodi akanatsegula bwanji pakamwa n'kunena kuti, amayi, funsani amuna anu?

"Ndamva, amayi," anatero. "Ndingopempha chimodzi. A Emma abwera masana ano kudzabaya mbuzi katemera. Awone tizilomboti musanatume mawu."

"Adzawona chiyani chimene maso angawa sanawone?"

"Ta mumtsuko tikuuluka, amayi. Ta pa dengu sitikuuluka."

Mayi Enelesi anakweza mapewa. "Atiwone tizilomboto. Koma nyamayo musaikhudze."

Emma, mlangizi wa ziweto wa deralo, anafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka pang'ono. Anali mayi wamfupi, woseka msanga, amene ng'ombe zonse za kumeneko ankazidziwa ndi mayina. Ndiyenso anayeza nyama ija tsiku limene ng'ombe inaphedwa. Atatha za mbuzi, anamvetsera nkhani yonse ali chikhalire pa khonde, mayi Enelesi akufotokoza, Tisunge akuthira ndemanga.

"Ndibwerekeni matambula awiri agalasi," anatero Emma.

"Mukufuna madzi?" anafunsa Tisunge.

"Ndikufuna mboni. Mlandu sagamula woimbidwa mlandu asanafike pabwalo."

Analowa onse m'kanyumbako. Emma anavundukula mtsuko wa nthochi, n'kuvundikira tambula pakamwa pake mpaka tintchentche tingapo titalowa, kenaka anatseka ndi kabuku kake. Ta pa dengu tinamuvuta. Katatu konse anagwetsa tambula pa nsalu, katatu konse kachilomboko kanali katachoka kale.

"Aka n'kothamanga kuposa amuna anga akamva kuti kutchalitchi kuli ntchito youmba njerwa," anatero, ndipo ngakhale mayi Enelesi anamwetulira pang'ono. Kachinayi anakagwira.

Anaika matambulawo pa mphasa panja, powala. Anatulutsa foni, najambula chilichonse ali pafupi kwambiri, n'kukulitsa chithunzi ndi zala.

"Amayi, bwerani muwone. Aka n'ka nthochi. Maso ake ndi otani?"

Mayi Enelesi anasuzumira. "Ofiira. Ngati kalezera."

"Kalezeradi, kamakonda zowola zotsekemera: nthochi, mango, masese a mowa. Wonaninso mutambulamo, kakungozungulira m'mwamba. Tsopano aka ka pa dengu."

"Maso akuda."

"Nanga msana?"

Mayiwo anayandikitsa foni kumaso. "Kali ndi linunda. Ngati ng'ombe."

"Eya. Kamutu kali pansi, msana watukuka, miyendo yam'mbuyo yonenepa ngati ya chiwala. Mapiko kali nawo, koma kakadzidzimuka kamayamba kathamanga, kuima, kuthamanganso. Wonani mmene kakuchitira pagalasipo. Dzina lake lachichewa sindinalimvepo, ine ndimangoti tintchentche tothamanga. Awiriwa si pachibale, ndipo sadyera mbale imodzi. Aka nthochi zakupsa za mtengwa wanu sizikukakhudza. Kamafuna nyama yonyowa imene yayamba kuwonongeka, ndipo m'menemo ndimo kamaikira mazira."

"Ndiye kuti anasiya dengu chivundukulire," anatero Tisunge.

"Akanatero mukanapeza zintchentche zikuluzikulu zobiriwira zija, ndi mphutsi zonenepa ngati mpunga wophika. Izo nsalu imazitchinga. Koma aka n'kochepa ngati njere ya mpiru. Kamalowa pa mpata wa nsungwi, pa ulusi wa nsalu, paliponse pamene fungo latulukira. Amene anamanga dengu ili anamanga bwino."

Dailes anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuyambira m'mawa. Anafuna kugwira manja a Emma, koma anangofinya nsonga ya chitenje chake.

"Nyama yonyowa ichokera kuti?" anafunsa mayi Enelesi. "Ndinafutsa ndekha. Chidutswa chilichonse ndinachithyola ndi manja angawa, chinkalira ngati nkhuni."

"Ndiye tifunse dengulo," anatero Emma. "Yalani mphasa ina. Titulutse chimodzichimodzi."

Anatulutsa dengu panja. Emma ankatenga chidutswa, kuchinunkhiza, kuchipinda, n'kuchiika kumanja. Za pamwamba zonse zinali zouma gwa, zakuda, zonunkhira utsi. Za pakati chimodzimodzi. Mulu wa kumanja unakula, ndipo Tisunge anasiya kufwenthera. Atayandikira pansi, fungo linasintha. Zidutswa zinayamba kutuluka zonona mafuta, zofewa mbali imodzi, tina tili ndi timphutsi. Izo Emma anaziika kumanzere. Tintchentche tija tsopano tinali ponseponse, tikuthamanga pa mkono wake.

Pansi penipeni panali phukusi la masamba a nthochi ofota, lomangidwa ndi luzi. Emma analinyamula ndi timitengo tiwiri n'kuliika pa dothi. Atadula luzi, masamba anatseguka okha. M'kati munali chinthuli cha nyama chokula ngati zibakera ziwiri, chowauka kunja kokha, m'kati chili chiwisi, chamafutamafuta. Timphutsi tinali nyakanyaka, ndipo m'mapindiro a masamba munali titamatira tizikhokho tofiirira tangati mankhusu a mawere.

"Nayi nyumba yawo," anatero Emma. "Ili ndi linunda la ng'ombe. Linunda siliuma masiku atatu, mafuta ake amakana. Ndiye wina walikulunga m'masamba, lachita thukuta, layamba kuwola mwakachetechete."

Pabanja la a Ngozo linunda ndi nyama ya amuna akuluakulu. Amaiwotcha kukhola tsiku lomwelo ng'ombe ikaphedwa, ndipo mkazi saigwira ngakhale kuilawa.

Tisunge ndiye anayamba. "Tsiku lija amalume anadandaula kuti linunda lachepa, tinamenya galu. Kani galu wake ndi wa miyendo iwiri." Anayang'ana Dailes. "Dengu linali m'manja mwa ndani? Alamu, munamva kuti linunda limakoma, ndiye munati mulawe mwa nokha?"

"Sindinabise ine," anatero Dailes motsitsa.

"Nanga ndani?"

Dailes anayang'ana pansi. Mlandu wa nthochi unali utatha, koma umene unabwera m'malo mwake unali woipa kuposa. Wosasamala amakalangizidwa n'kubwerera. Wakuba nyama ya akuluakulu sabwerera. Dzina la bambo Fabiano linafika pa lilime lake, ndipo analimeza.

Mayi Enelesi sanali kumva zimene mwana wawo ankanena. Anali atatola luzi limene Emma anadula, ndipo ankaliyang'ana. Linali ndi mfundo zitatu zotsatizana, yachitatu yopindira m'kati, mmene munthu amamangira goli kuti lisaseseleke. Analitembenuza kawiri. Kenaka anakhala pansi pa mphasa.

"Tisunge, tseka pakamwa," anatero. Ulendo uno anadzudzuladi. Anatembenukira kwa Dailes. "NaMbewe, munawawona?"

Dailes anazengereza. "Ndinawawona, amayi."

"Liti?"

"Masana a tsiku limene anapita ku Nzama."

"Ndipo m'mawa muja, ine ndikunena zotuma mawu kwa ankhoswe, inu munali mukudziwa."

"Chimene anaikamo sindinkachidziwa."

"Koma bwanji osanena?"

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, amayi. Ndikanawatchula, ndikanaswa mkhate wa eni. Komanso mmene ankawonekera, ndinawona kuti si nkhani yanga."

Tisunge anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana mlamu wake. "Mukunena ndani? Abambo? Abambo angabe linunda la ng'ombe yawo yomwe?"

Mayi Enelesi anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Dailes anaganiza kuti akulira, mpaka anamva kuti n'kuseka. Atachotsa manja, misozi inaliponso.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu," anatero. "Palibe anadziwapo. Lero taululidwa ndi kantchentche kosatha n'kuuluka komwe."

Emma anakhala bwino pa mphasa. "Amayi, mbuzi za kwa anansi anu a Eliya zidikira. Apa sindichoka."

"Tsiku la ukwati wathu anapha ng'ombe," anayamba mayi Enelesi, maso ali pa luzi lija. "Ine ndili m'nyumba, nsalu kumutu, fungo la kukhola likulowera pazenera. Bambo ako atabwera kudzandiwona ndinawanong'oneza mwachibwana kuti, kodi nyama imene amuna mumabisalira nayo kukholayi imakoma bwanji? Mawa lake tili kudimba awiriwiri, anatulutsa kaphukusi m'thumba la jekete, mfundo zitatu. Tinasonkha kamoto m'munsi mwa mkuyu. Kuyambira pamenepo, ng'ombe ikafa pakhomo pano, pakapita masiku ochepa ine ndi iwo timapita kukathirira kabichi."

"Kabichi wa chilimwe chonse uja," anatero Tisunge pang'onopang'ono. "Mumatikaniza kukuperekezani."

"Ulendo uno ndinadikira, sanandiitane. Anangokwera njinga n'kupita. Ndinati basi, mkuluyu wakalamba, waiwala. Masiku onsewa mtima wanga unali wowawa, ndipo m'mawa muja ukali wake ndinakuthirani inu." Anagwira dzanja la Dailes, chinthu chimene anali asanachitepo. "Pepani, NaMbewe. Munakagwa m'dzenje la eni muli chete."

"Palibe kanthu, amayi."

"Kanthu kalipo. Ankhoswe anu ndiwatumira mawu ndithu, koma oti abwere Loweruka adzadye nyama."

Tisunge anasendera pafupi, akukanda pansi ndi chala. "Alamu, pakamwa panga mumapadziwa. Pamathamanga ngati tizilombo tomweti."

"Tizilomboti timaima pang'ono tikathamanga," anatero Emma. "Iwe phunzira kuimako, ukupita kubanja."

Anaseka onse, ndipo Dailes anaseka nawo.

Emma anagawa ntchito asananyamuke. Linunda, masamba ake ndi zidutswa zonse za kumanzere anati azitenthe, osapatsa galu, osakwirira pafupi, chifukwa tintchentcheto timatha kufukula njira m'dothi. Zinali zidutswa khumi ndi chimodzi. Za kumanja, zimene zinali zochuluka kwambiri, anati azipukute, azibwezere pa nsanja pa moto wa utsi wambiri tsiku lathunthu, ndipo Loweruka aziwiritse mpaka zifewe. Dengu alitsuke ndi madzi otentha n'kuliyanika padzuwa, kanyumba akasese mpaka m'makona.

"Nthochi zija zilibe mlandu," anawonjezera akukwera njinga yake, "koma zichoke ndithu. Zikope mboni zabodza kwina."

Dailes anamuperekeza mpaka pamsewu. Atafika pamenepo anati, "A Emma, mukanangoyang'ana patali n'kuvomereza kuti ndi za nthochi, mawa ndikanakhala pa basi."

"Ine ndangowerenga maso a ntchentche," anatero Emma. "Zovuta munachita ndinu."

Bambo Fabiano anafika Lachisanu m'mawa, mkulu wawo atatulutsidwa m'chipatala. Anapeza utsi uli tolotolo pa nsanja, akazi atatu akutembenuza nyama. Anatsika njinga, anayang'ana nsanja, anayang'ana dengu lili gada padzuwa, ndipo chipewa chinatsika chokha kumutu. Mayi Enelesi anawatengera kuseri kwa nyumba. Dailes sanamve zimene anakambirana, koma anamva mayiwo akuseka, kenaka mawu aamuna akuti, "Ndimati ndibwera mawa lake, mayi." Ndipo anasekanso.

Masana, Dailes akupeta mpunga wa alendo pakhonde pa nyumba yake, anamva mapazi ndi kulira kwa mbuzi. Atakweza maso anawona apongozi ake aamuna akukoka kambuzi kakakazi kamawangamawanga. Anaika lichero pansi, anagwada, n'kutembenuzira nkhope kukhoma monga mwa mwambo.

Mkuluyo sanamuyang'ane. Anamangirira chingwe pa mzati wa khonde, anakhala chonjuta, n'kuyamba kuyankhula ndi mbuziyo.

"Iwe mbuzi, kuyambira lero kwanu ndi pano. Usavute. Mwini khomo lino ndi munthu wosunga zinthu za anzake, ngakhale zitamuwotcha m'manja. Umuuze kuti nkhalamba ina yopusa yathokoza. Umuuze kuti NaMbewe, zikomo."

Dailes anawomba m'manja mofatsa katatu, nkhope ikadali kukhoma. Naye anayankhula ndi mbuzi.

"Uwauze kuti ndalandira. Ngozo."

Mkuluyo anadzuka, anavala chipewa, n'kubwerera kukhola. Dailes anadikira mpaka mapazi atazilala, ndipo anapita kukathyolera mbuzi yake masamba a mbatata.